Jekete ya ku Mpulungu

Lolemba, 7 Meyi 2001

Jobson, dalaivala wa thiraki uja, wabwera nayo kalata ija. Thiraki yake yaima pa boda cha m'ma 10, iye n'kundipeza pa benchi ndikulembera mayi wina fomu ya kasitomu. Wangoiponya pamwamba pa fomuyo n'kupita kukafuna tiyi.

Andilola. Ntchito ya pa sitima yonyamula katundu pa nyanja ya Tanganyika, doko la Mpulungu, kumpoto kwa Zambia. Miyezi itatu yoyamba ndi yophunzira: zingwe, kutsuka, kupenta, kuyang'anira matumba a simenti ndi shuga. Mlamu wake wa Jobson ndi kapitawo pa dokopo, ndiye wandilankhulira. Akuti amafuna munthu wodziwa kulemba Chingerezi. Za kusambira sanafunse, inenso sindinanene.

Kuseri kwa kalatayo kuli mndandanda wolemba pamanja, zoti ndibwere nazo ndekha: jekete yoyandamitsa munthu pamadzi, nsapato zosaterera, renikoti, wezulo, tochi, mpeni, magolovesi. Ndafunsa J. ngati m'sitimamo mulibe majekete. Wati alimo, koma anthu ndi ambiri kuposa majeketewo, ndipo amakhala m'bokosi lomwe kiyi wake amayenda ndi munthu mmodzi. Aliyense wanzeru amabwera ndi yake.

Tinyamuka Lolemba pa 21, m'mamawa.

Ndili ndi zaka 27. Madzi aakulu amene ndinawaonapo ndi a Bua atasefukira, ndipo ndinali pa mlatho.

Lachiwiri, 8 Meyi

Ndayamba ndi zosavuta. Tochi ndi mpeni ndagula mu golosale ya eni nyumba, kuseri kwake ndiko kuli kachipinda kangaka. Wezulo ndaupeza kwa ogulitsa mipira. Magolovesi wandipatsa J., akale ake omangira tenti ya thiraki, chala chimodzi n'chobooka.

Pa golosale anthu awiri amamwa Fanta pakhonde. Mmodzi wati, motsitsa koma kuti ndimve, ansembe athu aja tsopano akugula mipeni. Aseka. Ndalandira katundu wanga n'kutuluka ngati sindinamve.

Papita miyezi isanu ndi inayi chichokereni ku seminale ya Kachebere. Sanandichotse, ndinachoka ndekha, chaka chachitatu. Anthu safuna kumva zimenezo. Ena akuti ndinapereka mimba, ena akuti ndinalephera mayeso. Zoona zake n'zosakoma kufotokoza: m'mawa wina ndili m'tchalitchi ndinangodziwa kuti zimenezi sindidzazitha moyo wanga wonse, ndipo ndinakhala nako kudziwako chaka chathunthu ndisanauze munthu.

Bambo anagwira ntchito ya ukatekisiti zaka makumi atatu. Mudzi wonse unkadziwa kuti mwana wawo adzakhala wansembe, chifukwa ankanena okha paliponse. Tsiku limene ndinafika ndi sutikesi anayang'ana sutikesiyo, osati ine, n'kulowa m'shedi ya fodya. Tinakhala nyumba imodzi sabata ziwiri osalankhulana. Mayi akanakhalapo mwina akanatiika pamphasa imodzi, koma anatisiya kale. Ndiye ndinabwera kuno ku boda. Pa njinga ndi mphindi makumi anayi kukafika kwathu. Sindinapiteko.

Lachitatu, 9 Meyi

Tsiku la msika. Ndayenda mulu ndi mulu wa kaunjika kufunsa jekete ya pamadzi. Ambiri amandipatsa renikoti. Wina wandionetsa chovala chonyezimira cha okonza msewu n'kulumbira kuti n'chimodzimodzi.

Kumapeto kwenikweni, mayi Anasi, amene amagulitsa majuzi ndi mabulangete, ati dikirani. Apisa pansi pa thumba n'kutulutsa chinthu chomwe akhala akukhalira ngati pilo kwa miyezi iwiri. Chinabwera m'belo la majuzi, palibe amene amachifuna. Ndi jekete yeniyeni. Mtundu wa lalanje koma wofwifwa, yonenepa kutsogolo, kolala yaikulu, zingwe ziwiri za nsalu zomanga m'chiuno. Pali zolemba koma si Chingerezi, si Chifalansa, ngakhale Chilatini changa sichinathandize. Pajambulidwa kamunthu kali m'mafunde. Basi, ndagula. Renikoti ndatenganso kwa iwo omwewo, yabuluu wakuda, yolimba.

Kuchipinda ndatseka chitseko n'kuivala. Ndaima pakati pa bedi ndi ndowa, manja atatambasuka ngati nkhuku yonyowa. Imanunkha nkhungu. Ndinafuna kuseka koma kuseka wekha m'chipinda kumamveka moipa.

Zatsala nsapato.

Lachinayi, 10 Meyi

Njinga yaphwa, ndapita nayo kwa a Mateyo okonza njinga kuseri kwa msika. Nthawi zonse timangopatsana moni. Lero potulutsa ndalama m'thumba kalata ija yagwa, iwo n'kuitola. Sadziwa kuwerenga Chingerezi, andifunsa kuti ndi ya chiyani, ndawawerengera.

Anasiya chubu m'madzi n'kundiyang'ana. Kani a Mateyo si a kuno. Anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, anzawo atabwerera iwo anatsala chifukwa anali atakwatira. Kwawo ndi ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, ndipo anagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri pa boti lowolotsa anthu ndi katundu. Ine ndakhala ndikudutsa pa shedi yawo miyezi yonseyi.

Anandiuza kuti ndiwaonetse zomwe ndagula. Wezulo unali m'thumba. Anauviika m'beseni loyeseramo chubu, n'kundipatsa kuti ndiimbe. Unangoti fuu. Kanjere ka mkati kakanyowa sikazungulira, ndiye pamadzi wezulo wotere ndi chidole. Ndifune wopanda kanjere. Mpeni wanga ati nsonga yake ndi yoopsa pa sitima yogwedezeka, anaupala pa mwala mpaka nsonga inatha, n'kuboola chigwiriro kuti ndimangirepo kachingwe. Za renikoti anafunsa mtundu. Nditati yabuluu wakuda anapukusa mutu: munthu akagwera m'madzi anzake amafuna mtundu, ndipo buluu ndi mtundu wa madziwo.

Nsapato. Ine ndimaganiza zotenga zakuda zija za ku seminale, zikadali zabwino. Ati zapansi pa chikopa pa chitsulo chonyowa ndi sopo. Ndigule za nsalu zamphira pansi zogwirira ntchito masana, ndipo ngati ndikufuna jombo za nthawi ya mvula, zikhale zazikulu saizi imodzi kuposa phazi, zoti ndikhoza kuzivula ndi phazi linzake osagwira ndi manja.

Kenako anaona korona yopempherera m'khosi mwanga. Anati chilichonse cholendewera m'khosi chimakodwa, ndiziika m'thumba.

"Jeketeyo mubwere nayo mawa, achimwene, ndidzaione."

Ndavomera. Takhala ola lathunthu. Sindikumbuka tsiku lina limene ndinalankhula ndi munthu ola lathunthu kuno, osawerengera za mafomu.

Lachisanu, 11 Meyi

Sindinapite nayo. Andipeza kale zolakwa zisanu. Ndipo akanafunsa ngati ndimasambira.

Loweruka, 12 Meyi

Achemwali anga Esitele abwera kuchokera ku Mkanda ndi matumba awiri a mtedza okagulitsa kwa a ku Zambia. Atamaliza tinakhala pa khonde la chipinda changa. Anandibweretsera mbatata yootcha, yozizira kale.

Nkhani yafika kale kumudzi. Sindikudziwa wanena ndani, pa boda palibe chinsinsi. Akuti ena akunena kuti ndikupita ku Congo kukagwira usilikali. Ndinafunsa kuti bambo ati chiyani. Achemwali anayang'ana kumbali, kenako anati atawauza, bambo anangoti ndamva, n'kupitiriza kusankha fodya.

Anandipempha kuti ndipite kukatsanzika. Ndinati ndikafika ndikaima pakhomo ngati wogulitsa sopo, munthu osandiyankha, ndiye kutsanzika kwake kuli pati. Anati bambo akudya kamodzi patsiku chifukwa amaiwala kuphika. Ndinati nanenso. Anandiyang'ana moipa, ndipo anali ndi chifukwa.

Ndinawaonetsa jekete. Anaigwiragwira n'kufunsa ngati kanthu kameneka kangasenze munthu wamkulu. Ndinati ndi ya Azungu, amadziwa zomwe amachita.

Madzulo ndagula nsapato za nsalu, ndi wezulo wina wa pulasitiki wopanda kanjere. Ndauviika m'ndowa n'kuimba. Galu wa eni nyumba wathawa.

Lamulungu, 13 Meyi

Misa ku tchalitchi cha pa boma, benchi lakumbuyo, ndinatuluka anthu asanayambe kupatsana moni panja. Nyimbo zonse ndimazidziwa mpaka ndime yomaliza. Sindinaimbe.

Funso la achemwali lija, loti jeketeyo ingasenze munthu wamkulu, silikundichoka.

Lolemba, 14 Meyi

Masana mafomu anali ochepa, ndiye ndinamanga jekete pa kaliyala n'kupita ku damu la esiteti yakale ya fodya, panjira ya ku Kachebere. Esitetiyo inatsekedwa, patsala nyumba ya injini yopopera madzi ndi paipi yaikulu yolowa m'damumo. Ndinasankha masana dala kuti pasakhale anthu. Panalidi ng'ombe zitatu zokha tsidya lina.

Ndinavula malaya ndi thalauza, n'kuvala jekete, n'kumanga zingwe zija bwinobwino. Madzi ozizira ngati mwala wa m'mawa. Ndinalowa pang'onopang'ono, m'mawondo, m'chiuno, pachifuwa. Ndinamva jekete ikundinyamula pang'ono, mapazi akupepuka, ndipo ndinasangalala. Ndinaima choncho mwina mphindi khumi. Kenako ndinati ndiponde kamodzi kutsogolo.

Kutsogoloko kunalibe pansi.

Sindinamire nthawi yomweyo. Jekete inakwera, thupi langa linatsika mkati mwake, kolala inandiphimba pakamwa ndi mphuno. Ndinaikokera pansi ndi manja awiri, ndipo pamenepo ndinamva kuti yalemera, ngati bulangete lochapidwa. Ndinamwa madzi. Ndinayesa kukuwa, ndinamwanso ena. Wezulo unali m'thumba la thalauza, pamtunda, pafupi ndi njinga. Ndimamenya madzi ngati wamisala, ndikuona kuwala kenako mdima wobiriwira, kuwala kenako mdima. Sindinapemphere. Ndikulemba zimenezi chifukwa ndi zoona. Ndimangoganiza kuti njinga adzaipeza ndani.

Phazi linagunda chitsulo. Paipi ija. Ndinaikumbatira ndi miyendo, kenako manja, n'kukwawa nayo, ndere zikuterera, mpaka mawondo anakhudza matope. Ndinagona pa udzu n'kusanza madzi. Ng'ombe zinali zikudyabe.

Ndinakhala pamenepo mpaka thupi linauma. Jekete ndinalephera kuinyamula ndi dzanja limodzi. Pobwerera madzi ake amadontha pa tayala njira yonse. Pa golosale mayi eni nyumba anafunsa ngati kwagwa mvula kumene ndachokera. Ndinati eya.

Palibe amene akudziwa. Ndikanamira, mpaka Lachinayi kapena Lachisanu palibe amene akanafunsa kuti wa mafomu uja ali kuti.

Lachiwiri, 15 Meyi

Chifuwa, mutu. Sindinakhale pa benchi. Cha m'ma 9 ndinanyamula jekete, ikadali yonyowa, kupita nayo kwa a Mateyo. Ndinawauza zonse, ndi zoti sindidziwa kusambira. Ndimayembekezera kuti aseka kapena akalipa. Anangondikokera chitini choti ndikhalepo.

Anatenga lezala n'kung'amba jeketeyo pachifuwa. Mkati muli timatumba ta pulasitiki todzaza ndi zonga thonje. Timatumbato tonse n'tong'ambika, thonjelo lakuda, lolimba ngati dothi. Anati zamtunduwu anazigwiritsa ntchito pa Zambezi, zimagwira zikakhala zatsopano, koma kathumba kakabooka zimamwa madzi pang'onopang'ono mpaka zimakukokera pansi. Munthu amadziwa pozifinya: ikakhala ndi mabuluma olimba, ikamanunkha nkhungu, ndi yakufa. Mayi Anasi sakanadziwa. Ine ndikanadziwa Lachisanu.

Anandiuza zoyang'ana. Mkati mukhale thovu lolimba lija lopepuka, losamwa madzi. Malamba okhala ndi zomangira, osati zingwe za nsalu. Lamba wodutsa pakati pa miyendo, kuti isakwere kumaso. Kolala yoti igwire mutu ngakhale munthu atakomoka. Ndikaivala, wina aikoke m'mapewa, ikafika m'makutu ndiye kuti ndi yaikulu. Ndinalemba zonse kuseri kwa fomu yowonongeka.

Kuno kulibe. Anati ndikayese ku Chipata, kuli masitolo amene amagulitsa katundu kwa a misasa ya alendo ya ku Luangwa, amene amawolotsa anthu pa maboti.

Ndikunyamuka anandiitananso.

"Kusadziwa kusambira si mlandu. Theka la anzanga a pa boti sankadziwa. Koma kulowa m'madzi wekha, popanda munthu pamtunda, chimenecho musadzachitenso."

Ndinati chabwino. Sindinawauze kuti ndinalibe woti ndimuitane.

Lachitatu, 16 Meyi

Chipata. Ndinadinditsa pasipoti pa boda ya Mwami, n'kukwera takisi yodzaza ndi amayi a mabelo. Wailesi yanga ndagulitsa kwa wosintha ndalama wina wa pa boda, ndiyo yagula ulendowu ndi zonse. Ku Mpulungu ndizikamvera za anzanga.

Sitolo yachinayi ndiyo inali nazo, ya mmwenye, kumbuyo kwa matenti ndi nyale. Mitundu iwiri. Ina yopyapyala, yokongola, yabuluu ndi yofiira, ya zipi, yopanda kolala. Mtsikana wogulitsa anati imeneyo ndiyo imene alendo amaikonda, siitentha. Ndinaiyesa, imakhala ngati juzi, munthu angagwire nayo ntchito tsiku lonse. Pa kansalu kake palembedwa m'Chingerezi kuti ndi ya anthu odziwa kusambira, pa madzi apafupi ndi mtunda. Ndinawerenga kawiri n'kuibweza.

Inayo ndi yonyansa. Yalalanje kwambiri, yamakona ngati bokosi, kolala ngati ya ng'ombe ya pa ngolo. Thovu mkati, malamba atatu, wina wa pakati pa miyendo, timizere tonyezimira m'mapewa, ndi kathumba koikamo wezulo. Palembedwa kulemera kwa munthu woyenera kuivala, ndipo ine ndili mkati mwake. Ndinatulutsa fomu yanga ija n'kuchonga chimodzichimodzi. Kenako ndinapempha mtsikanayo kuti aikoke m'mapewa. Anaseka n'kuitana mlonda. Mlonda anakoka mpaka zidendene zanga zinanyamuka, jekete osasuntha.

"Muyenda kuti, ba tate, na cinthu ici?" anafunsa mlondayo. Nditati ku Mpulungu anati kumeneko nyanja ilibe pansi. Zikomo kwambiri.

Pa salaula, kaunjika wa kumeneko, ndinasinthanitsa renikoti yabuluu ija ndi yachikasu, yong'ambika pang'ono m'khwapa. Ndisoka. Jombo ndatenga saizi 9, phazi langa ndi 8.

Pobwerera wa kasitomu amene ndimamuona tsiku lililonse anaitembenuzatembenuza jeketeyo n'kufunsa kuti alembe kuti ndi chiyani. Kwa nthawi yoyamba fomu inali yanga.

Lachinayi, 17 Meyi

A M. aivomereza. Anaifinya paliponse, anakoka msoko uliwonse, n'kuti iyi ndiye. Amangirira wezulo ku jeketeyo ndi kachingwe kafupi, kotalika kungofika pakamwa. Tochi ati ndiziika mu jumbo ziwiri ndi mabatire ena apadera.

Andiphunzitsa mfundo imodzi, yopanga khwekhwe losathina ngakhale ulikoke bwanji. Ndamanga kakhumi pa chimango cha njinga, kasanu molakwika. Kenako andiweramitsa pa beseni la machubu kuti ndiviike nkhope n'kutulutsa mpweya m'mphuno. Anthu odutsa amaima kuonerera. Koyamba ndinadzuka nthawi yomweyo, mtima uli gugugu, ndikumva fungo la damu lija. Kachisanu ndinafika pa kuwerenga khumi.

Ati Loweruka masana tipita limodzi ku damu ndi chingwe. Iwo pamtunda, ine m'madzi. Munthu asakavale jekete koyamba tsiku limene sitima ikumira, ayambe waikhulupirira.

Ndati chabwino.

Lachisanu, 18 Meyi

Achemwali anabweranso ndi mtedza wotsala. Anaona jekete yatsopano n'kufunsa kuti yakale ija ili kuti. Ndinayesa kuzemba koma amandidziwa. Nditamaliza kufotokoza anandimenya paphewa ndi chibakera, mwamphamvu, ngati tili ana. Analira. Anati ndikanawasiyira ntchito yokauza bambo kuti mwana wawo wapezeka m'damu la fodya. Ndinawauza kuti mawa ndikupitanso koma ndi a Mateyo ndi chingwe. Ananyamuka osamaliza tiyi.

J. watumiza uthenga kudzera kwa dalaivala mnzake: Lolemba 6 koloko pa sikelo yoyezera mathiraki, ndisachedwe, sadikira.

Ndasoka renikoti. Ndalongedza chikwama, ndamasula, ndalongedzanso.

Loweruka, 19 Meyi

Shedi ya a M. yotseka. Akazi awo ati uthenga unabwera m'mawa, mkulu wawo wamwalira kwawo ku Tete, anyamuka ndi thiraki yoyamba. Sabwera sabata ino. Anandisiyira chingwe, chokulungidwa bwino, ndi mawu akuti ndipeze munthu.

Ndinakhala pa benchi ndi chingwecho pamiyendo, ndikuyang'ana anthu. Osintha ndalama, madalaivala, amayi a mabelo, onse ndimawadziwa mayina ndi manambala a mapasipoti awo. Ndinayesa kuganiza kuti ndiyambe bwanji. Pepani, mungandiperekeze ku damu mukandigwirire chingwe? Sindinafunse aliyense.

Sindinapite. Masana onse ndagona chagada kuyang'ana malata. Ndikhoza kumuuza J. kuti ndadwala. Mafomu sadzatha, benchi lilipo, ndikhoza kukalamba pamenepo.

Jekete ili pa msomali kuseri kwa chitseko. M'chipinda chonse ndi chokhacho chowala.

Lamulungu, 20 Meyi

Sindinapite ku Misa. Cha m'ma 11 ndinati ndikamanga chingwe ku nyumba ya injini ija, mbali inayo m'chiuno mwanga, ndiye kuti si ndekha kwenikweni. Ndimadziwa kuti a M. sakanavomera. Ndinapitabe.

Nditakhota pa geti la esiteti ndinaona njinga itatsamira khoma la nyumba ya injini. Yakuda, ya belu lomangidwa ndi waya. Ndinatsika panjinga yanga ndisanafike.

Bambo anali atakhala pa paipi, avala jekete yawo ya suti ya ku tchalitchi, chipewa chili pa bondo. Achepa thupi. Ndinawapatsa moni, anayankha moyang'ana madzi. Kenako anati Esitele anadzera kumudzi Lachisanu. Anati dzulo anadikira pomwepo mpaka dzuwa linapendeka.

Ndinati pepani, wondiperekeza anapita ku maliro.

"Chingwe chili kuti?"

Ndinawapatsa. Ndinavula malaya, korona ndinaika m'nsapato, iwo akuona. Ndinavala jekete, malamba onse atatu. Ndinawapempha kuti aikoke m'mapewa. Anaima, n'kuika chipewa pansi, n'kukoka. Manja awo anandikhudza m'khosi, ozizira, onunkha fodya. Ndinamanga mfundo ya a M. pa lamba wakumbuyo, inatheka ulendo woyamba. Anaiyang'anitsitsa, anaikoka kawiri, n'kukulunga mbali inayo ya chingwe m'dzanja lawo katatu.

Ndinalowa. M'mawondo, m'chiuno. Pachifuwa ndinaima. Ndimadziwa pomwe pansi pamathera, pafupi ndi bango lopindika lija, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali mano akugundana. Ndinatembenuka kuti ndinene kuti zakwana, ndaiona, imagwira.

Anali atalowa m'madzi. Ndi nsapato zomwe, ndi thalauza la tchalitchi, mpaka m'mawondo, chingwe chili chothina pakati pathu.

"Pita, Vitus. Ndagwira."

Ndinaponda. Pansi panatha, ndinatsika mpaka chibwano, ndinatseka maso. Kenako china chinanditembenuza chokha n'kundigoneka chagada, kolala ili pansi pa mutu. Sindinachite kalikonse. Madzi anali m'makutu, ndimangomva mpweya wanga. Nditatsegula maso kunali mitambo iwiri ndi kabawi mmodzi m'mwamba kwambiri. Ndinatambasula manja. Chingwe chimakoka pang'ono kumsana, kusiya, kukokanso, ndiye ndimadziwa kuti alipo osawayang'ana.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinayesa kupalasa ndi manja, ndinayenda pang'ono, mozungulira. Ndinapeza wezulo n'kuimba, mbalame zinabalalika m'bango. Ndinamva bambo akunena chinachake, ndinadzutsa mutu. Amati basi, tuluka, uzizidwa.

Anandikoka ngati thumba mpaka m'matope. Tinakhala pa paipi tonse awiri, iwo akukhuthula madzi m'nsapato. Anafunsa kuti nyanjayo ndi yaikulu bwanji, ndinanena zomwe ndinamva. Anafunsa ngati kuli tchalitchi, ndinati sindikudziwa. Anangogwedeza mutu. Za seminale sitinanene, ndipo sindikuganiza kuti tidzanena msanga.

Tinakwera njinga, iwo patsogolo. Pa mphambano, pomwe njira ya ku boda imapita kumanzere, sanaime ndipo sanacheuke. Anakhotera kumanja. Ndinaponda pansi kamphindi, kenako ndinawatsatira.

Ndikulemba pakhonde la kwathu, dzuwa likadalipo. Jekete ikuuma pa mtanda wa m'shedi, pakati pa fodya. Chikwama chili ku boda, ndiye tiyenera kudzuka 4 koloko kuti ndikachitenge J. asanalize injini. Ndati ndipita ndekha, ati njinga yangayo ibwerera ndi ndani.

Ali kukhitchini, akufunafuna mbale yachiwiri. Ndamva agwetsa chivundikiro kawiri. Ndipite ndikawathandize.